Makopepodi: mafunso ndi mayankho okhudza tizilombo ta m'madzi timene timadyetsa kapenta ndi makerele

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene alimi a nsomba a ku Chipata, Katete ndi Lundazi amakonda kundifunsa tikaima m'mbali mwa damu. Ena ndi a ana a sekondale amene anamva dzinali m'kalasi koma sanaonepo chinthucho ndi maso. Ndayamba ndi ophweka.

Kodi makopepodi n'chiyani?

Ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala m'madzi, tachibale ndi nkhanu. Tambiri timatalika milimita imodzi kapena ziwiri, ngati njere ya chitowe. Thupi lake lili ngati kadontho ka madzi, kutsogolo kuli tinyanga tiwiri titalitali, ndipo mitundu yambiri ili ndi diso limodzi lokha pakati pa mutu. Dzinali ndi lochokera ku Chigiriki, tanthauzo lake "miyendo ya nkhafi", chifukwa timiyendo take timapalasa madzi ngati mmene amapalasira bwato. Anapereka dzinali ndi katswiri wa ku France, Henri Milne-Edwards, mu 1840.

Mitundu yodziwika ndi yoposa 13,000. Yambiri ili m'nyanja zamchere, koma pafupifupi 2,800 ili m'madzi opanda mchere: m'nyanja ya Malawi, mu Tanganyika, mu Kariba, m'madambo, m'zitsime, ngakhale m'damu lanu la nsomba.

Ndingawaone bwanji popanda maikulosikopu?

Tengani botolo loonekera mkati, mutunge madzi a m'damu m'mamawa kapena chakumadzulo, muwasiye mphindi zingapo kuti matope akhazikike. Ndiyeno kwezani botololo moyang'anizana ndi kuwala, kumbuyo kwake muike nsalu yakuda. Poyamba muona ngati fumbi chabe. Dikirani. Fumbi limatsika pang'onopang'ono, koma kopepodi amaima, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi, n'kuimanso, ngati utitiri pamphasa. Mukaona kamodzi kamene kakukoka timadontho tiwiri kumbuyo, kwina kamodzi kwina kamodzi, ngati mayi wochokera kuchigayo ndi matumba awiri, ameneyo ndi wamkazi ndipo timatumbato ndi mazira.

Mukafuna kuona ambiri, sefani ndowa zitatu kapena zinayi za madzi pa chitenje chakale, kenako mutsukuluze zotsalira pansalupo m'kapu.

Kuno kwathu kulibe nyanja yamchere. Za m'mphepete mwa nyanja zikutikhudza bwanji?

Zikutikhudza pa mbale. Makerele oumitsidwa ndi ayezi amene amabwera m'makatoni n'kumagulitsidwa m'mabuchala a ku Chipata, ambiri amachokera ku Namibia. Kugombe la kumeneko madzi ozizira a pansi pa nyanja amakwera pamwamba atanyamula chonde, ndere zing'onozing'ono zimaphuka, makopepodi amadya nderezo n'kuswana, ndipo makerele akali aang'ono amakulira makopepodiwo. Madzi a kumeneko amatchedwa Benguela.

Kumbali ya kum'mawa nkhani ndi yomweyo. Mvula yogwa ku Chipata imatsikira ku Luangwa, Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja ya Indian ku Mozambique, pamalo osaya otchedwa Sofala Bank amene ndi otchuka ndi usodzi. Dothi lokokoloka m'minda mwathu limalowera njira yomweyo.

Kapenta wa ku Mpulungu ndi ku Siavonga, komanso usipa wolowera pa Mwami, amadyanso makopepodi, kungoti awo ndi a madzi opanda mchere. Kaberekedwe ndi kakulidwe kake n'kofanana kwambiri, choncho zimene ofufuza anapeza kunyanja yamchere zimatithandiza kumvetsa za m'madamu mwathu.

Amaberekana bwanji?

Pali wamwamuna ndi wamkazi. Vuto loyamba ndi kupezana, pakuti kwa kanthu ka milimita imodzi ndowa ya madzi ndi dziko lalikulu. M'mitundu yambiri wamkazi amasiya kafungo m'madzi mmene wadutsa, ndipo wamwamuna akakapeza amakalondola ngati galu wa uzimba. M'mitundu ina wamwamuna amamva kagwedezeke ka madzi wamkazi akadumpha. Akamupeza amamugwira ndi nyanga yake, n'kumata kathumba ka mbewu pafupi ndi pamene mazira amatulukira. Akazi a mitundu ina amasunga mbewuyo n'kuigwiritsa ntchito moyo wawo wonse, ena amafunika kukumananso ndi mwamuna kawirikawiri.

Pa za mazira pali njira ziwiri. Ena amangomwaza mazira m'madzi, monga Acartia ndi Calanus a m'nyanja zamchere. Ena amawabereka m'timatumba mpaka ataswa, monga Oithona wa m'nyanja ndi Cyclops wa m'zitsime ndi m'madamu. Amene munaona m'botolo uja ndi wa gulu lachiwirili.

Wamkazi mmodzi amaikira mazira angati?

Zimadalira njira imene tatchula pamwambapa. Acartia tonsa, mtundu wochuluka m'magombe ofunda ndi m'malo amene mitsinje imakumana ndi nyanja, wamkazi wake akamadya bwino amaikira mazira 20 kapena 30 patsiku, nthawi zina kufika 50, ndipo amatero kwa masabata angapo. Dzira lililonse silifika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, komabe mukaphatikiza a tsiku limodzi akhoza kulemera pafupifupi theka la thupi la mayi wake. Tayerekezani nkhuku ya makilo awiri ikuikira kilo imodzi ya mazira tsiku ndi tsiku.

Obereka m'timatumba amaikira ochepa, chifukwa wamkazi sangapange ena mpaka amene wanyamulawo ataswa. Koma musawaone ngati otsalira. Mazira omwazidwa ambiri amadyedwa asanaswe, ena amadyedwa ndi makopepodi anzawo, ena amamira m'matope. A m'kathumba amathawa limodzi ndi mayi wawo. Ofufuza awiri, Thomas Kiørboe ndi Marina Sabatini, anayerekeza magulu awiriwa mu 1994 ndipo anaonetsa kuti ochepawo amafa ochepa, ochulukawo amafa ochuluka. Choipa cha kathumba n'chakuti kamaonekera: nsomba imaona msanga wamkazi wonyamula mazira kusiyana ndi wopanda kanthu.

Kuchokera pa dzira mpaka kukhala wamkulu pamatenga nthawi yaitali bwanji?

M'madzi ofunda dzira lomwazidwa limaswa patatha tsiku limodzi kapena awiri. Chotulukamo sichifanana ndi makolo ake: ndi kanthu kobulungira ka timiyendo sikisi, kotchedwa nauplius. Popeza khungu lake ndi lolimba ndipo silitanuka, kuti kakule kayenera kufundula ngati njoka. Pali misinkhu 6 ya nauplius, kenako misinkhu 5 imene kamayamba kuoneka ngati kopepodi weniweni, pomaliza n'kukhala wamkulu. Ndiye kuti kafundula ka 11. Wamkulu safundulanso ndipo sakulanso, m'malo mokulitsa thupi, chakudya chimene wamkazi wadya chimathandiza kupanga mazira.

Acartia tonsa amatha ulendo wonsewu m'masabata pafupifupi awiri madzi akakhala pa madigiri 20. Akafunda kuposa apo masiku amachepa, akazizira kufika madigiri 10 pamatha mwezi ndi kuposa. Kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, Calanus finmarchicus m'malo ambiri amakhala ndi mbadwo umodzi wokha pachaka: akatsala pang'ono kukula amadzaza thupi ndi mafuta, n'kutsikira pansi mamita mazanamazana, n'kugona kumeneko nyengo yonse yozizira. Wachibale wake wa ku Arctic, Calanus hyperboreus, amatha zaka ziwiri mpaka zinayi asanabereke.

Choncho funso lakuti "kopepodi amakhala nthawi yaitali bwanji" lilibe yankho limodzi. Wa kugombe lofunda la ku Beira ku Mozambique amaona zidzukulutuvi wa ku Greenland asanakwatire.

Chofunika kwambiri pa kakulidwe kake n'chiti, kutentha kapena chakudya?

Apa akatswiri anakanganapo ndithu. Mu 1992 Mark Huntley ndi Mai Lopez anasonkhanitsa zimene ena anayeza m'nyanja zosiyanasiyana n'kunena kuti kutentha kokha kukufotokoza pafupifupi zonse. Ena anatsutsa, ndipo kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti ana aang'ono amakuladi molingana ndi kutentha, koma akazi akuluakulu kawirikawiri amaikira mazira ochepa kuposa mmene angathere chifukwa chakudya sichikwanira. Ine ndimaona ngati mbali zonse zinali ndi mfundo. Kutentha ndiko kumanena liwiro limene kanyamaka kangathe kukulira, chakudya ndicho chimanena ngati kafikadi pa liwirolo.

Mwachidule, madzi akafunda ndi madigiri 10, kakulidwe kamafulumira kawiri kapena katatu. Koma wokula msanga m'madzi ofunda amakhwima ali wamng'ono thupi, ndipo wokulira m'madzi ozizira amakhala wamkulu ndi wamafuta. N'chifukwa chake anamgumi ena a kumpoto amatha kukhuta ndi makopepodi okhaokha.

Si ndere iliyonse imene ili chakudya chabwino. Mu 1999 ofufuza a ku Naples ku Italy anapeza kuti akazi odya kwambiri mitundu ina ya ndere zotchedwa diatom amaikira mazira ambiri koma ambiri mwa mazirawo saswa. M'madamu mwathu chofanana nacho ndi ndere ija yoyandama pamwamba ngati penti wobiriwira, yonunkha. Madzi amaoneka a chonde, koma makopepodi sapindula nayo kwenikweni.

N'chifukwa chiyani amachuluka m'mphepete mwa nyanja kuposa pakati?

Chonde chimachokera kumtunda ndi pansi. Mitsinje imabweretsa chake, ndipo pamalo osaya mphepo imavundula madzi n'kukweza chimene chinakhazikika pansi. Pakati pa nyanja, makamaka m'madera otentha, madzi ofunda amakhala pamwamba osasakanikirana ndi a pansi, ndiye ndere zimasowa chakudya. Madzi a buluu okongola aja amene timaona pa zithunzi ali ngati munda wa mchenga.

Komabe moyo wa kugombe ndi wosakhazikika. Mvula ikagwa kumtunda mchere umachepa, mtsinje ukaphwa umachuluka. Mitundu imene imapirira zimenezi ndi yochepa, koma imene yapirirayo imaswana kwambiri.

Tinthu tating'ono chonchi, amayeza bwanji kaberekedwe kake?

Ndi ntchito ya maso ndi kudekha. Amakoka kaukonde kosalala ngati sefa m'madzi, n'kusankha akazi amoyo mmodzimmodzi ndi kapaipi ka galasi pansi pa maikulosikopu. Amawaika m'mabotolo a madzi a pamalo omwewo, pa kutentha komweko, kwa maola 24. M'botolomo amaikamo kasefa kuti mazira agwere pansi pamene mayi sangawafike, apo ayi awadya. Mawa lake amawerenga mazira n'kugawa ndi chiwerengero cha akazi. Mazirawo amawasunganso tsiku lina kapena awiri kuti aone angati aswa.

Kwa obereka m'timatumba amawerenga akazi onse, onyamula ndi osanyamula, mazira a m'thumba lililonse, ndi masiku amene dzira limatenga kuti liswe pa kutentha kumeneko. Kwa ana, amasefa a msinkhu umodzi, n'kuona kuti patatha tsiku kapena awiri angati afundula. Sukulu imene ili ndi maikulosikopu imodzi yogwira ntchito ndi damu pafupi ikhoza kuyesa njira ya timatumbayi popanda kugula kanthu.

Ngati amaswana chonchi, bwanji sadzaza nyanja?

Chifukwa aliyense amawadya. Pa mazira mazanamazana a mkazi mmodzi, okwanira kufika pobereka ndi awiri chabe kapena kuzungulira pamenepo, apo ayi bwenzi nyanja ili phala. Pafupifupi nsomba iliyonse ya m'nyanja ikangoswa, chakudya chake choyamba ndi ana a makopepodi, chifukwa ndi amene amakwana pakamwa pake. M'nyanja ya Malawi, kuwonjezera pa usipa ndi utaka, mphutsi za nkhungu, tizilombo tija timauluka ngati utsi pamwamba pa nyanja, zimadya makopepodi ambiri.

Chitetezo chawo ndi kudumpha ndi kubisala. Kopepodi akamva madzi akugwedezeka amadumpha mtunda wokwana matupi ake mazanamazana pa sekondi imodzi. Ndipo masana ambiri amatsikira kumdima wa pansi, usiku n'kukwera kudzadya ndere, m'bandakucha n'kutsikanso. Kapenta amawatsatira.

Nkhani imene imandisangalatsa pa zimenezi inachitikira kufupi ndi kwathu, pa damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete. Kapenta anatengedwa ku Tanganyika n'kuikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, kenako anatsika yekha ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Katswiri wa ku Poland, Maciej Gliwicz, anafalitsa mu 1986 zimene anaona kumeneko: chiwerengero cha tizilombo ta m'madzi chimakwera ndi kutsika motsatira mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu n'kutuluka dzuwa likungolowa, tizilomboti sitikwera kwambiri. Koma masiku otsatira mwezi umachedwa kutuluka. Kukada bii timakwera mosatekeseka, kenako mwezi uja tulukiru, kapenta n'kutiona tonse poyera. Usiku wochepa wokha umatha tizilombo tochuluka, ndipo timayambanso kuchuluka mwezi ukapita kumdima.

Damu langa linauma gwa mu Okutobala. Mvula itabwera tizilomboti tinabwereranso. Tinachokera kuti?

Tinali momwemo, m'matope. Mitundu ina imaikira mazira a chikopa cholimba nyengo ikayamba kuipa, ndipo mazirawo amagona pansi mpaka madzi atabwera. Mitundu ya Cyclops nthawi zambiri imagona ili ana okulirapo, itadzikwirira m'matope. Ena amabwera ndi madzi a mumfuleni kapena pa miyendo ya mbalame.

M'magombe a nyanja zamchere zimachitikanso: Acartia amazimiririka m'madzi nyengo ina, n'kudzaonekanso kuchokera ku mazira a pansi. Ndipo mazirawa amakhalitsa modabwitsa. Mu 1995 Nelson Hairston ndi anzake anaswetsa mazira a kopepodi ochokera m'matope a dziwe lina ku Rhode Island ku America, amene anagona zaka zoposa 300.

Ndingawachulukitse bwanji m'damu kuti ana a nsomba adye?

Simudyetsa makopepodi mwachindunji, mumadyetsa ndere. Thirani manyowa, makamaka zitosi za nkhuku, pang'onopang'ono, m'kakhola ka timitengo pakona ya damu kapena m'thumba lomangidwa, osati kukhuthula ngolo yonse tsiku limodzi. Madzi akayamba kubiriwira pisani mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamazimiririka chapamenepo, zili bwino. Chikazimiririka madzi asanafike n'komwe pakati pa mkono, mwapyoza, siyani kuthira. Chizindikiro china chakuti mwapyoza ndi nsomba kuyasamula pamwamba m'bandakucha, posowa mpweya.

Kumbukirani yankho la kutentha lija. Mu Juni ndi Julaye madzi a m'madamu a kuno amazizira, ndipo manyowa omwewo amene mu Okutobala akanabiriwitsa damu m'masiku ochepa amachedwa kugwira ntchito. Ndinaonapo mlimi wina akuwonjezera zitosi sabata ndi sabata m'nyengo yachisanu poganiza kuti zachepa. Kutangofunda mu Seputembala zonse zinayamba kuwola nthawi imodzi, damu linada, ndipo m'mawa wina anatola nsomba zakufa ndi beseni.

Gaga ndi chakudya cha m'matumba zili ndi malo ake, koma kamwana ka nsomba kongoswa kumene kamakula bwino ndi chakudya chamoyo. Makopepodi ali ndi mafuta abwino amene ana a nsomba amafuna, ndipo n'chifukwa chake oweta nsomba za m'nyanja yamchere kumaiko ena amaweta Acartia m'mathanki mwadala.

Ndinamva kuti amadya ana a nsomba. N'zoona?

Pang'ono n'zoona. Mitundu ikuluikulu ya Cyclops imadya nyama, ndipo ikachuluka ikhoza kuluma tiana tongoswa kumene, makamaka ta mlamba ndi ta carp timene timakhala tating'ono kwambiri. Ana a chambo amatuluka m'kamwa mwa mayi wawo ali okulirapo, choncho iwo ndi amene amadya makopepodi. Ngati mukulera tiana ta mlamba, musadzaze damu n'kulisiya mwezi wathunthu musanatiike. Masiku oyamba mumachuluka tizilombo tina tofewa totchedwa rotifer, timene ndi chakudya chabwino cha tiana, ndipo makopepodi akuluakulu amabwera pambuyo.

Palinso achibale awo amene anasanduka nsabwe za nsomba. Mukaona kanthu konga ulusi katazika pathupi pa nsomba, pozikapo pali chilonda chofiira, ameneyo ndi Lernaea wamkazi, ndipo timatumba tiwiri ta kunsonga kwake ndi mazira. Nayenso amaswana msanga madzi akafunda. Nthawi zambiri amalowa m'damu ndi mbewu ya nsomba yogula kwina, choncho iyang'aneni bwino musanaithire, ndipo mukamuona kambiranani ndi alangizi a za nsomba musanathire mankhwala alionse.

Nanga munthu akamwa madzi okhala ndi makopepodi?

Kopepodi payekha alibe poizoni, m'mimba amagayika ngati chakudya china chilichonse. Choopsa ndi chimene wanyamula. Nyongolotsi ya Guinea, imene imatulukira pa mwendo patatha pafupifupi chaka, imalowa mwa munthu akamwa Cyclops amene anameza mphutsi zake. Mu 1986 anthu pafupifupi 3.5 miliyoni ankadwala matendawa chaka chilichonse ku Africa ndi ku Asia. Mu 2023 anapezeka 14 okha padziko lonse, ambiri ku Chad. Palibe katemera kapena mankhwala ochiza odwala amene anachita zimenezi. Chachikulu chinali kusefa madzi pansalu ndi kuletsa odwala kuponda m'madzi akumwa.

Tizilombo ta kolera nato timakonda kumatirira pa khungu la makopepodi, makamaka m'madzi a m'mphepete mwa nyanja. Rita Colwell ndi anzake anayesa m'midzi ya ku Bangladesh kusefa madzi pansalu yakale ya sari yopinda kanayi, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2003 zinaonetsa kuti odwala kolera anachepa ndi pafupifupi theka. Nsalu yakale inkasefa bwino kuposa yatsopano chifukwa ulusi wake unafewa n'kutseka mipata.

Chitenje chopinda kanayi chingagwire makopepodi chimodzimodzi, koma chonde musamve molakwa. Kolera amene anavuta dziko lathu kuyambira mu Okutobala 2023 amafala kwambiri kudzera m'madzi ndi chakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo tizilombo take tikakhala patokha timadutsa pansalu. Sefani ngati madzi ndi a padambo, koma mukatero muwiritse kapena muthire klorini. Nsaluyo muichape ndi kuiyanika padzuwa, ndipo musaitembenuze posefanso.

Ena akuti amapha udzudzu. Tingawagwiritse ntchito pa malungo?

Mtundu wa Mesocyclops umadya mphutsi za udzudzu zongoswa kumene. Ku Vietnam, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anthu ankauika m'mitsuko ikuluikulu ndi m'mathanki osungira madzi, ndipo m'midzi ina udzudzu wa Aedes wofalitsa matenda a dengue unatheratu. Zinatheka chifukwa udzudzu umenewo umaswana m'ziwiya za pakhomo, zimene munthu angathe kuziwerenga n'kuziyendera chimodzichimodzi. Wa malungo umaswana m'tizithaphwi ta mvula, m'mapondero a ng'ombe, m'maenje oumbira njerwa, malo amene amadzaza lero n'kuuma sabata yamawa, Mesocyclops asanakhazikike. M'damu la nsomba losamalidwa bwino, lopanda udzu wowirira m'mbali, mphutsi zambiri zimadyedwa ndi nsomba zomwezo. Masikito apitirize kumangidwa.